Tsiku Limene Ndinakana Kutsika pa Thiranki

Ndikukumbukira bwino fungo la nyumba yathu ya ku Kanyama m'miyezi ya mvula. Linali fungo la makoma onyowa, la bulangeti losauma ndi la makala okana kuyaka. Kanyama ndi malo athyathyathya ndipo pansi pake pali mwala, choncho madzi akagwa amasowa kolowera. Amangoima m'njira ndi m'mabwalo, kenaka n'kuyamba kutuluka pansi m'nyumba momwe ngati thukuta. Popita kusukulu tinkadumpha pa miyala ndi mabuloko amene abambo a m'komboni ankaika m'njira, nsapato zili m'manja, achule akutiimbira mbali zonse. Chilichonse chachitsulo chinkadwala nyengo imeneyo. Mipeni, mahinjesi a chitseko, mbaula, ngakhale phini wa pa thewera, zonse zinkagwidwa dzimbiri, limene kwathuko tinkati nguwe. Abusa akamalalikira za chuma cha pansi pano chimene njenjete ndi dzimbiri zimadya, ife a ku Kanyama sitinkasowa wotimasulira.

Chuma chathu cha pansi pano chinali chimodzi basi: makina osokera a Amayi, opukusa ndi dzanja, akuda bii, okhala ndi timaluwa tagolide m'mbali. Amayi ankawaika pakhonde m'mawa uliwonse n'kumasoka mayunifomu a ana asukulu, madiresi a ukwati ndi mabulauzi oyera a amayi a mumpingo. Zinali zaka za chipani chimodzi, pamene tinkafola mizere yaitali kuti tigule sopo, ufa ndi mafuta ophikira amene tinkati saladi, ndipo nthawi zina umafika kutsogolo zinthu zitatha. Makina akafa masiku amenewo kunalibe kogula ena, ngakhale kachitsulo kakang'ono kosinthira. Tinali titaona ndi maso athu. Mnansi wathu Bana Chanda, mayi wachibemba wa kumpoto amene ankagulitsa tomato pamsika, anali ndi makina ngati athu. Mvula ya chaka chapitacho inawalowa m'kati, gudumu linauma gwa, ndipo tsopano ankangotsekera chitseko kuti mphepo isachimenyetse.

Chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, kutatsala pang'ono kuti mvula iyambe, kunabwera kalata yochokera ku Petauke. Ambuye, amayi awo a Amayi, anali atagwa n'kuthyoka m'chiuno, ndipo panalibe wowasamala kapena wowalimira. Amayi anayenera kupita ndi khanda kumsana ndi kukakhala mpaka mvula itatha. Makina sakanatha kuwanyamula pa basi yodzaza ija pamodzi ndi mwana ndi katundu. Kuwasiya kunali kuwapereka kwa nguwe, chifukwa chimene chinkawasunga amoyo chinali dzanja la Amayi lowapukuta ndi kuwapukusa tsiku ndi tsiku. Mafuta a makina anali atasowa m'tauni monse. Amayi anayesapo saladi nthawi ina, koma anangomata ngati ulimbo n'kuitana nyerere. Ndinawaona atakhala pafupi ndi makinawo osasoka kanthu, dzanja lili pa tsaya, ndipo ndinadziwa kuti akupemphera.

Yankho linabwera ndi Atate, litapindidwa m'thumba la ovolosi. Atate ankagwira ntchito yotsitsa ndi kumasula katundu m'nyumba yosungiramo zitsulo za magalimoto akuluakulu, cha ku mafakitale. Zitsulo zina zinkabwera kuchokera kutsidya kwa nyanja, miyezi yambiri panjira, koma pozimasula zinkapezeka zikuwala ngati zapangidwa dzulo. Chilichonse chinkakhala chokulungidwa m'pepala lofiirira, lolimba, lonunkhira mwachilendo, pakati pa fungo la kuchipatala ndi la nsomba youma. Mkulu wina wokalamba wa pantchitopo ndiye anawafotokozera Atate kuti pepalalo limapuma. Lili ndi mankhwala amene amatuluka pang'onopang'ono ngati mpweya, n'kudzaza bokosi lonse, n'kukakhala pa chitsulo mpaka m'timing'alu momwe chala sichingafike, ndipo chinyezi chikabwera chimapeza malo atatengedwa kale. Koma bokosilo liyenera kukhala lotseka. Mapepalawa ankangowatentha kuseri kwa nyumbayo, komabe Atate, amene anali dikoni mumpingo mwathu, anayamba apempha kwa kapitawo asanatole ngakhale limodzi. Ankati kuba zinyalala n'kuba ndithu.

Loweruka masana tinachita ntchitoyo ngati mwambo. Amayi anachotsa nsalu zonse m'thiranki yawo yachitsulo, n'kuisiya padzuwa mpaka inatentha. Anapukuta makina ndi kansalu kouma, osalola kuti chala chikhudzenso pamene apukuta, chifukwa Atate ankati thukuta la m'manja ndilo mbewu ya nguwe. Atate anayala mapepala m'thiranki, ena anakulungira makina, kena kakang'ono anakalowetsa pansi pomwe pamakhala bobini. M'mphepete mwa chivindikiro anaikamo malegeni a chubu cha njinga, anatseka, n'kudonthezera kandulo mozungulira monse. Kenaka anaikweza thirankiyo pa mabuloko anayi m'chipinda chogona. Anatilamula kusamba m'manja ndi sopo, ndipo anachenjeza kuti wina asayerekeze kukulungira zitumbuwa m'mapepala otere. Anatinso mapepalawa anali atagwira kale ntchito ulendo umodzi wautali, mphamvu yake inatsala yochepa. Thiranki ikatsegulidwa, mpweya uja uthawa, chinyezi chilowa, ndipo palibe wobwezeretsa.

Kiyi wa loko Amayi sanawapatse Atate. Anamumanga pa chingwe n'kundiveka ine m'khosi. Chifukwa chake tonse tinkachidziwa ngakhale palibe anachitchula. Amene ankabwera kudzatisamala Amayi akachoka anali azakhali, a Tikambenji, mlongo wawo wamkulu wa Atate wochokera ku Katete, amene anawalera Atate makolo awo atamwalira. Atate, munthu amene ankanyamula injini ndi anzawo awiri okha, sankatha kunena kuti iyayi pamaso pa mlongo wawoyo. Amayi anandigwira mapewa nati, “Esinati, usatsegule, usapatse munthu aliyense, mpaka ndibwere.”

Azakhali anali munthu wabwino, wakhama, ndipo nzeru zawo zinali zoyesedwa kale m'nkhokwe ndi m'madengu a kumudzi. Lamulo lawo linali lakuti chinthu chotsekeredwa nthawi ya mvula chimaola. Chimanga, mphasa, zovala, zonse zimafuna dzuwa ndi mphepo. Pa zimenezi sankanama. Koma thiranki yomatidwa ndi kandulo ija inkawasowetsa mtendere, moti akamasesa m'chipinda ankaigogoda ndi tsache ngati akufunsa ngati muli munthu. Chinawonjezera nkhawa yawo chinali sizasi. Amayi anaisiya kunja kuti tizigwiritsa ntchito, ndipo azakhali ankaipukuta n'kuipachika pa msomali. Pofika Januwale inali itachita madontho ofiira, ndipo pofika Febuluwale inkatafuna nsalu m'malo modula. Ankandionetsa m'mawa uliwonse. Ngati iyi, yopukutidwa, ili chonchi, nanga makina otsekeredwa mumdima ali bwanji? Kunena zoona, mtima wanga unkafunsa funso lomwelo.

Mvula inagwa masabata atatu osaleka. Madzi analowa m'nyumba mpaka m'kakolo, nafika theka la mabuloko, ndipo nsapato za Atate za kutchalitchi zinamera chuku. Ndiye Loweruka lina kunacha kowala, thambo lili mbee. Komboni yonse inatulutsa matumbo ake panja. Matiresi anali pa madenga, mabulangeti pa mipanda, mabuku a nyimbo atatsegulidwa pa miyala, ndipo pansi pankatuluka nthunzi. Atate anali atapita kuntchito, popeza Loweruka ankaweruka masana. Ine ndi azakhali tinatulutsa zonse, mpaka m'chipinda munatsala thiranki yokha pa mabuloko ake. Azakhali anapukuta manja pa chitenje n'kutambasula dzanja.

“Bweretsa kiyi. Lero makinawa aone dzuwa.”

Ndinagwada monga ndinaphunzitsidwira, maso pansi. “Pepani azakhali, Amayi anakamba kuti nisapase munthu.”

“Ine ndine munthu? Ndine azakhali ako. Atate ako ndinawasambitsa ndine.”

Ndinabwereza mawu omwewo. Sanalimbane nane. Anangotuluka, ndipo ndinawamva kuseri kwa mpanda akubwereka hamala kwa Bana Chanda. Sindikudziwa chimene chinandinyamula. Ndimakhulupirira mpaka lero kuti sindinali ndekha. Ndinadzuka, ndinakwera pa thiranki, ndinakhala pamwamba penipeni pa loko, miyendo ili lende, manja atagwira m'mphepete.

Azakhali atalowa ndi hamala, Bana Chanda ali pambuyo pawo, anaima pakhomo kukamwa kuli yasa. Anandiuza kuti nditsike. Ndinati, “Sinizaseluka, azakhali.” Anandikoka khutu mpaka ndinaona nyenyezi masana, koma thako silinasunthe. Bana Chanda anayamba kuseka, kuseka kwawo kuja kogwedeza thupi lonse.

“Ba Anti, mulekeni mwana. Ine mashini yanga nenze kuichosa pa zuba lyonse ikaleka mvula. Manje ili kuti? Ni malonda wa chitseko!”

“Inu munaisamala moipa,” anatero azakhali. Kenaka anatsitsa mawu, natulutsa chimene chinkawadya mumtima masiku onsewo. Anati pepala limene limateteza chinthu osachikhudza, ndi mpweya wosaoneka, lotsekeredwa ndi kandulo, loletsedwa kulisuzumira, kwawo ku Katete lili ndi dzina. Ndipo n'zamanyazi kuti zithumwa zizipezeka m'nyumba ya dikoni.

Mawu amenewo anandilasa kuposa khutu lija. Ndinakhala pamenepo kuyambira dzuwa lili pa denga la a Chanda mpaka linapendeka. Chitsulo chinali chozizira, m'chipinda munali bata, ndipo panja anzanga ankasewera waida, akundiitana dzina. Ana a m'komboni ankabwera kudzasuzumira pawindo kuti aone mtsikana wokhalira thiranki ngati nkhuku pa mazira. Njala inandigwira, koma mdani wamkulu anali tiyi amene ndinamwa m'mawa. Ndinapinda miyendo, ndinaiwongola, ndinaimba nyimbo zonse za Sande sukulu zimene ndinkadziwa, ndi zina zimene ndinkangodziwa vesi loyamba. Ndinakumbukira Nehemiya ali pa linga, adani akumuitana kuti atsike akambirane, iye n'kukana chifukwa anali ndi ntchito m'manja. Koma ndinakumbukiranso kuti Mulungu yemweyo amafuna tizilemekeza akulu, ndipo azakhali anali atasiya munda wawo kuti adzatiphikire ife. Yesero loipitsitsa silinachokere kwa iwo. Linali la ine mwini, pamene m'nyumba munalibe munthu: kiyi ali pachifuwa pangapa, bwanji ndingokweza chivindikiro pang'ono, ndione, ndikhazike mtima pansi? Ndinagwira chingwe chija kawiri. Chinandiletsa ndi mkazi wa Loti.

Atate atafika anapeza khamu laling'ono pabwalo. Analowa, anayang'ana ine, anayang'ana hamala ili pansi, anayang'ana mlongo wawo. Anavula chipewa n'kunjuta pafupi ndi azakhali ngati kamnyamata. Azakhali anawakhuthulira zonse, za mwano wanga ndi za zithumwa. Atate anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa mofatsa ngati Bana Chanda anakazinga tinsomba ta kapenta dzulo madzulo. Azakhali anati inde. Anafunsa kuti adziwa bwanji, popeza sanalowe m'khitchini mwawo.

“Iwe Lazalo, ndilibe mphuno ine?”

“Ndiye kapenta wakukhudzani osakukhudzani, alongo. Bana Chanda ndi mfiti?”

Panja anthu anaphulika kuseka, Bana Chanda akukuwa kuti, “Awe mwandi, nichoseniko mu milandu yanu!” Ngakhale azakhali pakamwa panagwedezeka. Atate anapitiriza kuti Mulungu amene anaika fungo mu kapenta ndiye anaikanso nzeru mwa anthu opanga pepalalo, ndipo palibe mzimu umene unaitanidwa. Kenaka ananena mawu amene sindinawamvepo akunena kwa mlongo wawo chibadwire changa. Anati mwanayu wakuyankhani mokweza pamaso pa anthu, ndipo pa chimenecho alangidwa, adzatunga madzi onse a m'nyumba muno sabata yathunthu. Koma thiranki sitsegulidwa.

Azakhali anatola hamala n'kuibweza kwa eni ake. Pobwerera anangoti, “Akadzapezeka atafa makinawa, mudzawauze nokha amake.” Ine ndinatsika miyendo itachita dzanzi, ndipo liwiro limene ndinathamanga kupita kuchimbudzi anthu a mumzere wathu analikamba mpaka Isitala.

Madzi ndinatunga, sabata yonse, kumpopi wa komboni kumene mzere unkayamba kusanache bwino. Azakhali anasiya kunditchula dzina, ankangoti “a malonda”, mmene anthu a ku Kanyama amatchulira mlonda. A malonda, bwerani mudye. A malonda, mbale zikudikira. Miyezi iwiri yotsatira inali yaitali kwambiri pa moyo wanga. Ndinali nditaika ulemu wa Atate ndi mtendere wa nyumba yathu pa chinthu chimene sindinachione. Popemphera ndinkachita manyazi kutchula makina pamaso pa Mulungu amene ali ndi dziko lonse loti aliyang'anire, koma ndinkawatchulabe, ndikudzilimbitsa kuti amene amawerenga mpheta sangalephere kuwerenga bobini.

Amayi anabwera mu Epulo, atada ndi dzuwa la kumunda, ataonda, khanda likukwawa kale. Ambuye ku Petauke anali atayamba kuyenda ndi ndodo. Amayi a mumpingo anali atabweretsa kale nsalu zoyera za mabulauzi a Isitala, zili mulu pa mpando. M'mawa mwake Atate anatulutsa thiranki pakhonde, ndipo sindikudziwa amene anaitana anthu, koma mpanda wonse unali mitu yokhayokha. Azakhali anakhala pa mpando patsogolo, manja atapinda pachifuwa. Amayi anati tiyambe tapemphera. Anapemphera mwachidule, kuti Mulungu amapatsa ndipo amatenga, ndi kuti chilichonse chimene tipeze m'katimo tisachimwe ndi pakamwa pathu. Ine ndinavula chingwe m'khosi. Loko anali atachita nguwe moti kiyi anakana kuzungulira mpaka Atate anamugogoda, ndipo ndinamva azakhali akupumira m'mwamba ngati munthu amene mlandu wamukomera.

Atate anapala kandulo ndi mpeni n'kukweza chivindikiro. Fungo lija linatuluka, lofooka koma lilipo. Amayi anafunyulula pepala loyamba, kenaka lachiwiri. Dzuwa linagwa pa gudumu, ndipo gudumulo linatibwezera kuwala m'maso. Anayang'ana pa singano, anatsegula pansi, anatulutsa bobini n'kuitembenuza m'manja. Panalibe dontho lofiira ngakhale limodzi. Anaika makina pa tebulo, analowetsa ulusi, anatenga kansanza, n'kupukusa. Phokoso lija limene nyumba yathu inalisowa miyezi isanu linabwerera, losalala, lofulumira, ngati silinachokepo.

Bana Chanda ndiwo anayamba nthungululu, ndipo mpanda wonse unalandira. Wina anayambitsa nyimbo yoyamika, amayi akuvina m'matope ouma, Atate atangoima chipewa chili m'manja, akumwetulira ngati ndiwo anapanga makinawo. Amayi anangondikokera pachifuwa pawo n'kundigwira nthawi yaitali, ndipo ndinamva mtima wawo ukugunda.

Azakhali anadzuka, anayendetsa chala pa gudumu, anachiyang'ana, n'kulowa m'nyumba. Tonse tinaganiza kuti akwiya. Anatuluka ndi chitenje chatsopano, cha maluwa obiriwira, chimene ankasunga pansi pa dengu lawo kuti akavale pobwerera kumudzi. Anachiponya pamwamba pa nsalu zoyera zija.

“Mulamu, mabulauzi adikire. Yambani mwasokera a malondawa diresi. Mutu ndi wouma ngati mwala wa Kanyama, koma ndi mutu wa kwathu.” Kenaka anatembenukira kwa Atate. “Ndipo iwe Lazalo, Lolemba ubwere nawo mapepala ena. Makasu anga ndi nkhwangwa ku Katete si chakudya cha nguwe kuti azidyedwa chaka ndi chaka.”

Diresi limenelo ndinalivala pa Isitala, ndi pa Isitala wotsatira, mpaka linakana kutsika m'mapewa.

Lero ndine gogo, ndimakhala ku Matero. Madzi ku Kanyama amalowabe m'nyumba, koma zambiri za m'nyumbamo tsopano ndi zapulasitiki, ndipo chachitsulo chikachita nguwe anthu amangotaya n'kukagula china m'tauni. Mwana wanga wamkazi amene amagulitsa zitsulo za magalimoto amati masiku ano mpweya womwe uja amauika m'timatumba tapulasitiki ndi m'tizibotolo toika m'mabokosi a zipangizo, ndipo aliyense wofuna angathe kugula. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo, pakuti sindikhumbira kuti mizere ya sopo ibwerere. Chimene ndimadera nkhawa ndi china. Adzukulu anga safuna kudikira kanthu. Akabzala nyemba m'chitini kusukulu, mawa lake amafukula kuti aone ngati yamera. Ndikawauza kuti pali zinthu zimene zimasungika pokhapokha ukaleka kuzisuzumira, amandiyang'ana mwaulemu, foni ili m'manja. Sindiwadzudzula. Ndimangowapempherera mmodzimmodzi, kuti tsiku limene aliyense wa iwo adzapatsidwe chinthu choti asunge, anthu abwino omwe akumuuza kuti atsike, Ambuye adzampatse mphamvu yokhalabe pomwepo mpaka mwini wake atabwera.